Kulowetsa imelo ya bungwe mu Thunderbird: mmene ndimachitira kuno ku Ulongue

Amene anandikankhira m'nkhani imeneyi ndi wogula mbatatesi wina wa mumzinda wa Tete. Bungwe la alimi a kumtunda kwa Domue, limene ndimalilembera makalata pa kashopu kanga ka fotokope, linamutumizira mitengo kudzera pa Gmail ya mwana wa msungichuma, ija yokhala ndi dzina lamasewera la mnyamatayo. Wogulayo anaimba foni, mwaulemu ndithu, n'kunena kuti ofesi yawo singalipire fatura (kalata yolipiritsa) yochokera ku keyala yotero. Pamsonkhano wotsatira anthu anasonkha ndalama, tinagula dzina lathulathu la pa intaneti lothera ndi .co.mz, n'kulipira kampani yosunga imelo chaka chathunthu.

Miyezi yoyamba tinkatsegula makalatawo pa Chrome, kudzera pa tsamba la kampaniyo limene amalitcha webmail. Zimatheka, koma netiweki ikangodzandira pang'ono, kalata imene mwalemba theka imapita, ndipo simungawerenge ngakhale ya dzulo. Pulogalamu yokhala m'kompyuta momwemo imakopera makalata n'kuwasunga. Mumawerenga popanda intaneti, kuyankha popanda intaneti, n'kudzatumiza zonse pamodzi netiweki ikabwera. Kwa ife a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, amene intaneti yathu ndi foni yogawira laputopu, phindu lake lagona pamenepo.

Ine ndimagwiritsa ntchito Thunderbird. Ndi yaulere, ndi ya a Mozilla omwe aja anapanga Firefox, ndipo ilipo m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi. Itengeni pa thunderbird.net basi, osati pa fulashi ya mnzanu imene yazungulira makompyuta a boma lonse. Siifika mamega 100. Ngati laputopu yanu idakali pa Windows 7 kapena 8, yomaliza imene imagwira pamenepo ndi Thunderbird 115, zatsopano zimafuna Windows 10 kupita m'tsogolo. Kapulogalamu ka Mail kamene kankabwera ndi Windows 10 musakadalirenso, a Microsoft anakasiya kumapeto kwa 2024. Amene muli ndi Outlook, manambala onse amene ndinene m'munsimu ndi omwewo, chosiyana ndi malo a timabokosi.

Musanatsegule pulogalamu

Gulani kope. Ndikunena zoona, kope la masamba olimba, lokhala ndi mlembi kapena m'kabati ya bungwe. Pa tsamba loyamba lembani keyala yonse ya imelo, dzina la seva (kompyuta ya kampani yosunga imelo) yolandirira makalata, dzina la seva yotumizira, manambala a makomo (Port) awo, ndi tsiku limene malipiro a dzinalo adzathe. Zimenezi kampani yosunga imelo imakutumizirani tsiku limene mwalipira. Ngati kalatayo inasowa, ndipo kampani yanu imagwiritsa ntchito cPanel (tsamba loyendetsera imelo ndi dzina lanu) monga ambiri amachitira, lowani mmenemo, pitani pa Email Accounts, ndipo pambali pa keyala yanu dinani Connect Devices. Zonse zili pamenepo. Koperani za m'bokosi lolembedwa kuti Secure SSL/TLS, zinazo zisiyeni. Mawu achinsinsi, aja timati senha, musalembe m'kope lomwelo.

Kenako yang'anani wotchi ya kompyuta, pakona ya kumanja m'munsi. Makompyuta ambiri amene amafika kuno ndi ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo kabatire kozungulira ka m'kati, ka CR2032, kanatha kalekale. Kakatha, magetsi akangozima kompyuta imadzuka ili m'chaka china chakale. Seva imaonetsa chiphaso chokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiye wotchi ikalakwa, Thunderbird imakana chiphasocho ngakhale chili bwinobwino. Ndinataya tsiku lathunthu la Loweruka pa vuto limeneli, ndikusinthasintha manambala amene analibe mlandu. Konzani tsiku, chaka ndi ola, ndipo dera la nthawi likhale UTC+02:00, lija lolembedwa Harare, Pretoria. Nthawi yathu ndi yomweyo.

Chomaliza, yesani senha pa webmail kaye. Ikalowa kumeneko, mwadziwa kuti keyala ndi senha zilibe vuto, ndipo china chilichonse chikakanika m'tsogolomu, musazikayikirenso. Samalani ndi kiyibodi. Pa ya Chipwitikizi chizindikiro cha @ chimatuluka ndi AltGr ndi 2, pa ya Chingerezi cha ku America ndi Shift ndi 2, ndipo malaputopu obwera kudzera pa Calomue kawirikawiri mabatani ake amalembedwa china pamene Windows yaikidwa china. Taipani senha mu Notepad muone ndi maso zimene zikutuluka, kenako fufutani. Posankha senha pewani ç, ã ndi é, chifukwa tsiku lina mudzaifuna pa foni kapena kiyibodi imene zilembozo zilibe. Italike, koma ikhale ya zilembo wamba ndi manambala.

Kulemba ndi manja

Mukatsegula Thunderbird koyamba imafunsa dzina, keyala ndi senha. Pa dzina lembani la bungwe kapena la bizinesi, chifukwa ndi limene wolandira kalata amaona. Keyala lembani yonse, mwachitsanzo mlembi@dzinalanu.co.mz.

Mukapitiriza, pulogalamu imayesa kudzipezera yokha maseva. Pa Gmail imalondola nthawi zonse. Pa dzina lanulanu nthawi zina imalota, n'kuika seva imene kulibe kapena khomo lopanda chitetezo. Ine sindidikira kulotako. Ndimadina pamene alemba kuti Configure manually, pa ya Chipwitikizi mawu ake ndi ofananako, n'kutsegula kope lija.

Apa pali funso limodzi limene ndikufuna tichedwepo, chifukwa zina zonse mukalakwitsa mumakonza madzulo omwewo, koma ili mukalakwitsa mumadzazindikira patapita chaka. Akufunsani kuti IMAP kapena POP3.

IMAP ili ngati nkhokwe ya banja. Chimanga chimakhala m'nkhokwemo, ndipo aliyense amene ali ndi kiyi akasuzumira amaona chimodzimodzi. Kalata ikawerengedwa pa laputopu, pa foni ya a pulezidenti a bungwe imaonekanso kuti yawerengedwa. Yankho limene mlembi watumiza, msungichuma amaliona. POP3 ndi kutapa chimangacho n'kupita nacho kunyumba kwa munthu mmodzi. Pulogalamu imakoka makalata n'kuwaika m'kompyuta imodzi, ndipo Thunderbird ikasiyidwa mmene imabwerera, imawafufuta pa seva pakapita masiku 14. Makalata amene mwatumiza, POP3 sawakweza n'komwe ku seva, amakhala m'kompyuta momwemo.

Ine poyamba ndinasankha POP3, poti malo amene tinagula pa seva anali ochepa ndipo ndinkaopa kudzaza. Mvula ya Januwale itabwera ndi ziphaliwali zake, kompyuta ya pa shopu inapsa usiku umodzi. Tinatsegula webmail n'kupezamo makalata a milungu iwiri yokha. Mgwirizano wa mtengo wa soya umene wogula anavomera pa imelo, makalata a ngongole ya feteleza, mayankho athu onse, zinapita ndi kompyutayo. Ndinakaima pamaso pa azibambo ndi azimayi amene anasonkha ndalama zawo, n'kuwauza kuti umboni wa mtengo uja kulibenso. A pulezidenti anangoti, "Mwana wanga, chakudza sichiimba ng'oma, konzani zisadzachitikenso." Sanandikalipire, koma mtengo tinakambirananso kuyambira pachiyambi, ndipo sunafike pamene unali.

Choncho sankhani IMAP. Ili ndi kuopsa kwake, ndipo anthu onse okhala ndi kiyi muwauze: wina akafufuta kalata pa foni yake, yafufutika paliponse. Tidzabwererako.

Pa seva yolandirira lembani dzina la m'kope lija. Kawirikawiri limakhala mail.dzinalanu.co.mz, koma makampani ena amapereka dzina la seva yawo, ndipo mutsate lomwe anakupatsani. Khomo, Port kapena Porta, ndi 993. Chitetezo ndi SSL/TLS. Njira yodzitsimikizira ndi Normal password. Pa dzina lolowera lembani keyala yonse, ndi @ yomwe ndi zonse za kutsogolo kwake. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa. Thunderbird nthawi zina imangoika mlembi, koma seva imodzi imasunga makalata a makampani ambirimbiri, ndipo alembi mmenemo ndi ochuluka.

Seva yotumizira imatchedwa SMTP, ndipo dzina lake nthawi zambiri ndi lomwe lija. Makomo ake ndi awiri ndipo lililonse lili ndi mnzake woyenda naye: 465 imayenda ndi SSL/TLS, 587 imayenda ndi STARTTLS. Mukasakaniza, monga 465 ndi STARTTLS, pulogalamu imangozungulira mpaka kutopa. Lina likakana yesani linzake, koma musinthe zonse ziwiri pamodzi. Khomo 25 lisiyeni, ndi la maseva polankhulana okhaokha ndipo makampani ambiri a intaneti amalitseka. Dzina lolowera ndi keyala yonse ija, senha ndi yomweyo. Mukaona 143 kapena 110 ndipo pa chitetezo palembedwa None, dziwani kuti senha yanu ikuyenda poyera pamsewu.

Ngati dzina lanu analisungitsa kwa Google, maseva ndi imap.gmail.com ndi smtp.gmail.com. Ngati ndi kwa Microsoft 365, ndi outlook.office365.com pa 993 ndi smtp.office365.com pa 587. Kwa awiriwa njira yodzitsimikizira ndi OAuth2. Pamatseguka kazenera ka kampaniyo, mumalemba senha mmenemo n'kuvomereza.

Dinani Re-test, ikavomera dinani Done.

Mwina patuluka chenjezo la chiphaso, lokupemphani kuti muvomereze mwapadera. Musathamangire kuvomera. Onaninso wotchi. Ngati ili bwino, tsegulani chiphasocho muwerenge dzina limene lalembedwapo. Nthawi zambiri mumapeza kuti ndi la seva ya kampani yosunga imelo, pamene inu mwalemba mail.dzinalanu.co.mz. Funsani kampaniyo ngati dzinalo ndi lawodi, akavomera lilembeni m'malo mwa lija, chenjezo litha lokha. Dzina likakhala lachilendo kwa iwonso, tsekani, makamaka ngati muli pa Wi-Fi ya malo ogona alendo.

Senha ikakanidwa kawiri, imani. Maseva ambiri amatsekera kunja aliyense amene walakwitsa kangapo motsatizana, ndipo zikatero ngakhale webmail imasiya kutseguka pa intaneti imeneyo. Ena amatsegula okha pakapita kanthawi, ena mpaka muwauze a kampani.

Kuyesa

Kuona makalata akulowa sikutanthauza kuti mwamaliza, chifukwa kulandira ndi kutumiza ndi misewu iwiri yosiyana. Tumizani kalata ku Gmail ya munthu amene muli naye pafupi, ayankhe muli pomwepo. Akapanda kuiona, ayang'ane mu Spam. Ikapezeka mmenemo, vuto silili pa kompyuta yanu. Lemberani kampani yanu kuti ikonze SPF ndi DKIM za dzinalo. Izi ndi zolembedwa zimene zimauza maseva ena kuti kalatayo yachokeradi kwa eni dzina, ndipo a Gmail amaziyang'ana kwambiri. Ngati dzinalo mwangogula kumene kapena mwangolisamutsa, makalata ochokera kunja akhoza kuchedwa kufika mpaka masiku awiri, podikira kuti maseva onse adziwe kumene mwasamukira.

Kenako tsegulani webmail muone ngati kalata mwatumiza ija ikupezeka m'chikwatu cha zotumizidwa. Chikwatu chimenechi, pasta monga timanenera, pena chimalembedwa Sent, pena Enviados, ndipo zimachitika kuti Thunderbird yapanga chake pamene webmail ikugwiritsa china. Zikatero lowani mu Account Settings, pa Copies & Folders, musankhe pasta ya pa seva imene webmail ikuikamo. Kukapanda kutero a pulezidenti adzafunsa ngati wogula munamuyankha, inu n'kuvomera, iwo osaona kanthu pa foni yawo.

Mamega

Thunderbird ikasiyidwa yokha imakopera kalata iliyonse ya m'pasta iliyonse, ndi zithunzi zomwe. Kwa wa intaneti ya mwezi zilibe kanthu, koma kwa ife ogula mamega a Movitel, Vodacom kapena Tmcel ndi ndalama za m'thumba, akhoza kutha musanamwe tiyi. Mu Account Settings muli Synchronization & Storage. Mmenemo mungauze pulogalamu kuti izikopera makalata a masiku 30 apitawa okha, kapena isakopere kalata yoposa kukula kumene mwasankha. Ine ndinaika 500 KB. Mitu ya makalata onse imaonekabe, wamkuluyo amabwera pokhapokha mwamudina. Tsiku limene ndili pa intaneti yabwino ku Tete ndimachotsa malirewo kuti zonse zitsike.

Mukalemba kalata netiweki palibe, musadine Send. Pa File pali Send Later, kapena Ctrl, Shift ndi Enter pamodzi. Kalatayo imadikira mu Outbox, ndipo netiweki ikabwera mumasankha Send Unsent Messages. Ine ndimalemba mayankho m'mawa, n'kuwatumiza onse masana.

Zomata pa kalata zimafufuma panjira. Fayilo ikamatumizidwa pa imelo imakula ndi gawo limodzi mwa atatu, ndipo Gmail salola kutumiza zoposa 25 MB. Fatura yokhala ndi carimbo (chidindo) musaijambule ndi foni n'kutumiza zithunzi zisanu ndi chimodzi. Ijambuleni pa sikana pa 150 dpi ikhale PDF imodzi. Imawerengeka bwino, ndipo wolandirayo nayenso amagula mamega ngati inu.

Pa Account Settings pomwepo pali bokosi la Signature text. Lembanimo dzina la bungwe, boma, nambala ya foni ya ofesi ndi NUIT, nambala ya msonkho. Maofesi ogula amafuna NUIT nthawi zonse, ndipo ikakhala pansi pa kalata iliyonse safunsanso. Chithunzi cha chizindikiro cha bungwe ine sindiikamo, chimangolemetsa.

Kompyuta ya anthu ambiri

Ya pa shopu yanga imagwiridwa ndi ana a sukulu, aphunzitsi ndi aliyense wofuna kutaipa. Thunderbird ili ndi Primary Password, pa Settings, Privacy & Security, imene imatsekera ma senha osungidwa kuti wina asawaone. Ikeni. Koma dziwani kuti makalata amene atsika kale siiwabisa. Chobisa makalata ndi kupanga akaunti ya Windows yapadera ya bungwe, yokhala ndi senha yakeyake, ina n'kukhala ya anthu onse.

Keyala ikangodziwika, ayamba kubwera makalata onena kuti bokosi lanu ladzaza, kapena litsekedwa mawa, dinani apa mulembe senha. Ena amabwera m'Chipwitikizi chabwino ndithu, ndi dzina lanu lomwe pamwamba. Musadine. Kudzaza kwa bokosi mumakuona nokha pa webmail kapena mu cPanel. Choopsa kuposa apo ndi kalata yooneka ngati ya wogulitsa feteleza amene mumamudziwa, yonena kuti asintha akaunti ya kubanki. Imbani foni pa nambala yakale imene muli nayo, mumve mawu a munthuyo, musanatumize ngakhale metikali imodzi.

Tibwerere ku nkhokwe ija. IMAP imakutetezani kompyuta ikapsa, koma siikutetezani wina akafufuta, kapena bungwe likaiwala kulipira kampani n'kutseka bokosi. Kumapeto kwa mwezi uliwonse ndimachita chonchi. Ndimatsegula Help, Troubleshooting Information, pa Profile Folder n'kudina Open Folder. Ndimatseka Thunderbird, chifukwa kukopera ili yotsegula kumaononga mafayilo, kenako n'kukopera pasta yonseyo pa fulashi. Kumbukirani kuti muli makalata okhawo amene anatsika, ndiye amene munawaikira malire aja mulibe. N'chifukwa chake makalata olemera, a mgwirizano ndi a ngongole, ndimawakoperanso ku Local Folders, amene amakhala m'kompyuta osadalira seva, ndipo ena ndimawasindikiza papepala. Fulashiyo sigona pa shopu. Imapita kwa mayi msungichuma, amaisunga m'chitini pamodzi ndi buku la ndalama.

Bokosi likayamba kudzaza, samutsirani makalata a chaka chatha ku Local Folders, tayani za mu Trash, kenako pa File dinani Compact Folders kuti malowo abwereredi.

Chaka chatha bungwe linasankha mlembi watsopano, mtsikana wa ku Domue komweko amene anamaliza kalasi 12. Poti keyala ndi ya udindo osati ya munthu, sitinasinthe kanthu kwa ogula, tinangosintha senha mu cPanel. Mukamachita zimenezi, sonkhanitsani kaye mafoni onse amene ali ndi imeloyo. Foni imodzi ikatsala ndi senha yakale, imapitiriza kugogoda pa seva mphindi zilizonse, ndipo ikakhala pa intaneti imodzi ndi laputopu, nonse mutsekeredwa kunja. Ife tinachotsa imelo pa foni ya mlembi wakale iye ali pomwepo, mwa chilolezo chake, kenako ndinatsegula Thunderbird. Inafunsa senha yatsopano polandira, n'kufunsanso kachiwiri potumiza kalata yoyamba, pakuti IMAP ndi SMTP imazisunga padera. Mtsikanayo anazilemba yekha zonse ziwiri, n'kutumiza mitengo ya mbatatesi ya mlungu umenewo ku Tete. Kope lija lili kwa iye tsopano, ndipo tsiku lolipira dzina analizunguliza ndi cholembera chofiira, n'kulembanso lina mwezi umodzi kumbuyo kwake kuti msonkhano usonkhe ndalama nthawi idakalipo.